Tsiku Limene a Absalom Anamata Chikalata cha Gogo Hazel

Mukalowa m'nyumba ya a Absalom Nakhuwa ku Braunstone, mumzinda wa Leicester kutsidya kwa nyanja, musasiye pepala patebulo. Mukangotembenuka kuti mupereke moni kwa mayi a m'nyumbamo, mudzalipeza litamatidwa kale pulasitiki mbali zonse ziwiri, lili gwa, likutentha, eni nyumba akukumwetulirani ngati akuwombolani m'kamwa mwa ng'ona.

Anthu ena anagwidwa ndi mowa, ena mpira. A Absalom anagwidwa ndi kamakina kolaminetera mapepala, kamene amakasunga pamwamba pa filiji katafunditsidwa nsalu yoluka. Setifiketi ya ukwati anaimata. Khadi la kusikelo la mwana wawo Chiku, amene tsopano ndevu zikumera, analimata. Ndondomeko ya mabasi anaimata, basiyo n'kusintha nthawi sabata yotsatira. Tsiku lina akazi awo a Chrissie analemba pakapepala kuti tomato, anyezi, sopo, n'kukalowa m'bafa. Kumsika anapita atanyamula chinthu cholimba ngati nambala ya galimoto, ndipo sanawalankhule amuna awo mpaka madzulo.

Musafulumire kuwaseka, matendawa ali ndi gwero lake. A Absalom anabadwira ku Thyolo, pakachigawo kopanikizika pakati pa msewu ndi minda ya tiyi. Bambo awo ankakonda kuloza phiri lobiriwira la kutsidya, n'kumati uko kunali kumunda kwa agogo ako. Mwana akafunsa kuti nanga bwanji sitilimako, yankho linali limodzi: eni esiteti ali ndi pepala. Anakula akudziwa kuti khasu ndi lolemera, koma pepala limaposa khasu. Pepala lawo loyamba, setifiketi ya Fomu 4, analisunga m'sutikesi kunsi kwa bedi. Denga linadontha, chiswe chinamaliza ntchito. Ku intavyu ya sukulu ya anamwino anapita ndi setifiketiyo ili m'kajumbo ngati madeya, ndipo kalaliki anaisuzumira n'kufunsa ngati abwera kudzagulitsa chakudya cha nkhuku. Pamene kalata yotsimikiza mayeso imatuluka, malo anali atatengedwa kale. Zinawawawa kwambiri, ndipo mpaka lero akamaikamba nkhaniyi saseka.

Zaka makumi awiri anazithera pa chipatala china cha mishoni, kukankha machira ndi kusambitsa odwala. Mu 2022 kampani ina yosamalira okalamba m'makomo mwawo inawaitana ku Leicester. Viza ya banja lonse inamangiriridwa ku kampaniyo ngati mbuzi pachikhomo: ntchito ikatha, a Absalom, a Chrissie ndi Chiku yemwe, onse azilongedza. Izi anali kuzidziwa bwino, chifukwa kalata yonena zimenezi anaimatanso.

Mwa okalamba amene ankawayendera munali mayi wina wa zaka 89, mphunzitsi wopuma, wokhala yekha ndi mphaka. Dzina lake Hazel, ndipo ankafuna azingotchulidwa choncho basi. Anali wa mpingo wa Akweka, amene eni ake amatchulana kuti Abwenzi, anthu osafuna maudindo, osalumbira, osagwadira munthu. Kwa mwana woleredwa bwino wa ku Thyolo, kuitana nkhalamba ndi dzina lokha kunali ngati kuiponda phazi mwadala. Choncho a Absalom ankayamba atsokomola, m'chifuwamo n'kubisamo "gogo", kenaka n'kumaliza mokweza kuti "Hazel". Gogoyo anawagulira mankhwala a chifuwa kawiri.

Manja a gogo Hazel ankanjenjemera moti panali patatha zaka ziwiri asanagwire cholembera. Zosaina zonse ankasaina ndi mwana wa mchimwene wawo, Timothy, bambo wa jekete yabwino amene ankabwera kamodzi pamwezi kudzaona ngati azakhali ake ayamba kusokonezeka mutu mokwanira kuti awapititse ku nyumba ya okalamba. Kuiwala ankaiwaladi pang'ono. Tsiku lina masilipasi anapezeka m'filiji. Koma lilime linali lakuthwa, ndipo ankanena poyera kuti m'nyumba mwawo adzatulukamo chogona.

Lachinayi lina gogoyo anatuma a Absalom kuti atsitse chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. M'katimo munalibe bisiketi. Munali chikalata chachikulu chopindidwa, chachikasu, cha zilembo zopiringizika ngati nthambi zoyanga za maungu, ndipo kumunsi kwake kunali chidindo cha phula lofiira ndi siginecha yamichira.

"Ameneyu," anatero gogo Hazel akuloza siginechayo, "ndi Mkweka wina wotchuka amene anawoloka nyanja kukayambitsa dera lathunthu ku America, zaka mazana atatu ndi kuposa zapitazo. Kholo langa linagula kwa iye munda waukulu kumeneko. Silinapiteko n'komwe, linkaopa sitima. Chatsala ndi ichi."

"Nanga eni ake a malowo anasaina pati?" anafunsa a Absalom, akufufuza m'mphepete.

Gogoyo anawayang'ana nthawi yaitali. "Pamenepa palibe. Amati anali wabwinoko kuposa anzake, ankakhala nawo pansi eni nthaka n'kuwalipira. Koma akapolo anali nawo. Ndimamunyadira Lolemba, Lachiwiri n'kuchita naye manyazi. Lolemba likubwerali Timothy abwera ndi katswiri wa zinthu zakale, akachisunge kumene anthu angamachione. Akuti zosainidwa ndi dzanja lake zatsala zowerengeka."

A Absalom sanamvenso zambiri. Maso awo anali pa mikwingwirima ya mopindamo, pamene panayamba kuthetheka, ndi kadontho ka chinyezi pakona. Mtima unawapweteka. Pepala la munda wathunthu, zaka mazana atatu, m'chitini cha mabisiketi! Azungu ndi anthu ophunzira, koma pa nkhani yosamala mapepala anaona kuti ndi ana. Ndipo mlendo wolemekezeka akubwera Lolemba kudzachipeza chili chomwechi, chamaliseche? Anaganiza zowachitira gogo Hazel chinthu chabwino mwakachetechete. Paja chifundo chinapha nkhwali.

Lachisanu masana, gogoyo atagona, chikalata chinalowa m'chikwama. Lamulo la kampani loletsa kutulutsa katundu wa okalamba ankalidziwa, analimata okha n'kulipachika muofesi, koma anati uku si kutenga, n'kuperekeza. Kamakina ka kunyumba kanali kakang'ono, choncho anakwera mabasi awiri mpaka ku Spinney Hill kwa a Gaffar, mmwenye wobadwira ku Limbe, amene m'sitolo mwake mumapezeka ufa, makhadi a foni, masutikesi, ndi makina aakulu olaminetera pakona.

"Achimwene, mwabweretsa chiyani lero, baibulo?" anatero a Gaffar.

"Taitulo didi ya ku America, bwana. Ya kalekale. Gogo wina akungoisunga m'chitini."

A Gaffar anapukusa mutu mwachisoni. Iwonso laisensi ya sitolo ya malemu bambo awo ya ku Limbe anaimata kalekale, ili pakhoma. "Anthu awa sadziwa kusamala zinthu. Koma ndi yokhuthala iyi. Tiika hiti yonse, igwire bwino."

Madoda awiri anzeru zawo anagwirizana, ndipo panalibe wachitatu woti awafunse. Chimene sankadziwa n'chakuti chikalatacho sichinali pepala ayi. Makalata a minda a nthawi imeneyo ankalembedwa pa chikopa chopalidwa bwino. Makina anachimeza pang'onopang'ono, akung'ung'udza, ndipo chisanafike pakati m'sitolo monse munadzaza fungo la kanyenya. Mayi wina amene ankasankha anyezi anafunsa ngati ayamba kugulitsa zootcha.

"Achimwene," anatero a Gaffar akununkhiza, nkhope itasintha, "ichi n'chikopa. Chikopa cha chiyani? Musandiuze kuti mwandilowetsera nkhumba m'shopu muno!"

"Nkhosa, bwana, nkhosa!" anakuwa a Absalom, ngakhale sankadziwa, uku akukoka kumbuyo pamene makina akukokera kutsogolo.

Makina anapambana. Chimene chinatuluka mbali inayo chinali chitafota, chitakwinyika ngati mlamba wowamba, chili m'pulasitiki yonyezimira bwino. Phula lofiira lija linasungunuka n'kuyenderera ngati jamu pa buledi, ndipo linakaima penipeni pa siginecha ya mkulu uja. Kunangotsala kamchira kamodzi kakusuzumira. Belu lochenjeza za utsi linayamba kulira. A Gaffar anachitembenuza uku ndi uku, kufuna mawu otonthoza, n'kupeza awa okha: "Komabe madzi sangalowe."

A Chrissie atachiona Loweruka m'mawa, atangofika kuchokera ku shifiti yawo ya kuweyahausi, anakhala pansi osavula nsapato.

"Bambo a Chiku, mwatipha. Mwatiphera pulasitiki."

"Ndimafuna kuthandiza, mayi a Chiku."

"Kuthandiza! Akakomplena kwa manijala, sponsashipu yatha. Mwanayu ali pakati pa koleji. Tikatsikira pa Chileka ndi chiyani, makina anuwo?" Kenaka anatsitsa mawu, chifukwa mantha amaphunzitsa munthu nzeru zoipa. "Mverani. Chisowe. Muchiponye m'bini ya kutali. Gogoyo si uja anaika masilipasi m'filiji? Aliyense anena kuti wachitaya yekha."

Nzeruyo inali yogwira, ndipo n'chifukwa chake inawaopsa a Absalom. Timothy akanakhulupirira msangamsanga, mwina mosangalala. Iwo ntchito ikanapulumuka, gogo Hazel n'kutuluka m'nyumba mwawo ali moyo. A Absalom anayesa kusenda pulasitikiyo ndi lezala, zilembo zinayamba kutsatira pulasitiki. Anasiya.

Lamlungu inali ntchito yawo kukankha njinga ya olumala ya gogoyo kupita ku mapemphero a Abwenzi. Chikalata anachilowetsa m'malaya, pamimba, n'kumanga jekete, poganiza kuti pena pake panjira apeza bini. Anadutsa mabini anayi. Pa iliyonse ankachepetsa liwiro, gogo Hazel n'kufunsa ngati tayala laphwa.

Tsono mapemphero a Akweka, kwa munthu wokulira m'kwaya ya CCAP, ndi chinthu chovuta kuchimvetsa. Mulibe mbusa, mulibe nyimbo, mulibe ngakhale zolengeza. Anthu amakhala mozungulira n'kungoti chete kwa ola lathunthu, ndipo amene waona kuti mtima wamukakamiza amaimirira, n'kunena mawu ochepa, n'kukhala. Masabata ena onse a Absalom olali ankaligwiritsa ntchito yake yoyenera, ankagona. Tsikuli tulo sitinabwere. M'chipindamo munali zii, moti ankamva wotchi ya munthu wa kutsidya. Ndipo akangopuma, pulasitiki ya pamimba inkati phwa. Akatulutsa mpweya, phwa. Anayesa kupuma theka, inalira mochepa koma motalika. Mayi wina anatsegula diso limodzi. Thukuta linatsika, chikalata chinayamba kutsetserekera kumunsi, kona yake n'kuwabaya pamalo osatchulika m'nyumba ya mapemphero.

Anayang'ana gogo Hazel. Anali atatsinzina, manja akunjenjemera pamiyendo, chipewa chitapendekeka monga anawavekera iwo omwe m'mawawo. Nkhalamba imeneyi inkawasungira bisiketi m'thumba la juzi, ndipo mawa iwo anali oti aime pambali n'kumaonerera ikufunsidwa kuti chikalata mwachiika kuti. Anachita manyazi aakulu, oposa mantha aja.

Anadzuka. Ndipo poti munthu salankhula pagulu ngati wakuba, anayamba mwa dongosolo lake. Anapereka moni kwa akuluakulu onse, amayi ndi abambo, monga mwa maudindo awo, m'nyumba imene mulibe maudindo. Anatchula dzina lawo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Anafotokoza za phiri la tiyi, za chiswe, za kajumbo ka madeya. Anafika pa mabasi awiri, pa a Gaffar, pa fungo la kanyenya. Kenaka anamasula jekete, n'kusolola chinthucho m'malaya, n'kuchikweza m'mwamba.

"Ndachiwononga ndine. Ndipo ndinabwera nacho kuti ndichitaye m'bini, mawa anthu anene kuti wataya ndi..." anatsokomola, "Hazel, chifukwa amaiwala. Sanataye ndi iwo. Ndatha."

Anakhala pansi n'kudikira chigamulo. Kwawo pakanamveka "mmm", wina akanayambitsa nyimbo, mkulu wa mpingo akanaimirira. Kuno kunalibe ngakhale wokhosomola. Sankadziwa kuti kwa Abwenzi mawu a munthu sayankhidwa, amangosiyidwa kuti akhazikike. Anakhala mphindi makumi atatu ndi zisanu, chikalata chili pamaondo, akuganiza kuti apolisi aitanidwa kale mwa njira ina yachete. Ola litakwana anthu anagwirana chanza. Bambo wina wa ndevu zoyera anawagwira dzanja ndi manja awiri, maso ali ndi misozi, n'kuwathokoza chifukwa cha fanizo lakuya lija la mmene anthufe timaphera choonadi pofuna kuchiteteza. Anafunsanso ngati chithunzi chophunzitsiracho anachipanga okha.

Gogo Hazel okha ndiwo ankadziwa kuti silinali fanizo. Atafika kunyumba anati, "Ndionetse." Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa jamu uja.

"Wachiwononga."

"Inde."

"Bambo anga ankatisambitsa m'manja tisanachione. Kuchiona kokha, manja ali kumbuyo." Anatembenukira kuzenera. "Pita kwanu, Absalom."

Lolemba onse anafika nthawi imodzi: Timothy, katswiri uja, mayi wofatsa dzina lake Farzana amene anabwera ndi magolovesi oyera, ndi manijala wa kampani amene Timothy anamuimbira atangomva. Mayi Farzana anavala magolovesi, anachiona chikalatacho, anavula magolovesi, n'kupempha madzi akumwa. Anafunsa ngati angachijambule kuti azikaphunzitsira ena zimene sayenera kuchita. Timothy anafiira mpaka m'makutu. Anati uku ndi kuba ndi kuwononga, munthuyu achotsedwe lero lomwe, ndipo izi zikungoonetsa kuti azakhali sangakhalenso okha. Manijala anatulutsa fomu ya madandaulo. A Absalom anaima pafupi ndi chitseko atavala yunifolomu yosita bwino, poti munthu ngati ukuchotsedwa ntchito uzichotsedwa ukuoneka bwino. M'mutu mwawo ankangoona Chiku akulongedza mabuku.

"Ndipatseni cholembera," anatero gogo Hazel.

"Azakhali, ndisaina ndine monga mwa nthawi zonse."

"Chikalata chinali changa, nyumba ndi yanga, dandaulo likhalanso langa. Cholembera. Fomuyo ayi, pepala wamba."

Panatenga nthawi yokwana kuphika nyemba zofewa. Dzanja linkathawa, iwo n'kulibweza ndi linzake. Cholembera chinagwa kawiri, ndipo a Absalom, mwa chizolowezi, ndi amene ankatola n'kuwabwezera, osadziwa ngati akuthandiza kunola mpeni wowachekera. Gogoyo atamaliza anakankhira pepalalo kwa manijala, amene anawerenga mokweza:

"Absalom wawononga chikalata cha bambo anga ndipo zandipweteka. Akanatha kunena kuti ndataya ndine, nonsenu mukanamukhulupirira. Sanatero. Ndikufuna azindisamalira iyeyu, m'nyumba mwanga muno. Hazel."

Timothy anatsegula pakamwa, koma mizere inayiyo inali ya munthu wa mutu wake wabwinobwino, ndipo anaona yekha kuti nkhani ya nyumba ya okalamba yafera pomwepo. Manijala anajambula kalatayo pafoni, n'kunena kuti a Absalom alandira chenjezo lomaliza ndipo abwereza maphunziro a malamulo. Gogoyo anapempha tiyi. Tiyi atabwera, anakoka chikalata cha mkulu wa ku America chija, n'kukhazikapo kapu.

"Akuti madzi sangalowe," anatero. Kenaka anapatsa a Absalom kalata ija. "Iyi ndi yako. Ndipo leka kutsokomola, ndimamva. Ngati ukufuna kunena gogo, nena."

Madzulo a tsikulo a Absalom anatsitsa kamakina kawo pafiliji, n'kukayatsa, n'kudikira kuti nyali yobiriwira iwale. Pepala lopulumutsa banja lonse silikanagona chamaliseche. Koma polilowetsa m'pulasitiki chala chawo chinadutsa kuseri kwake, n'kumva timizere totumphuka, paliponse pamene gogoyo anakanikiza cholembera kuti dzanja lisathawe. Pa dzina lawo, Absalom, pepala linatsala pang'ono kubooka. Anaima choncho mpaka a Chrissie anafunsa ngati magetsi ndi aulere. Anazimitsa.

Gogo Hazel anamwalira chaka chotsatira, m'nyumba mwawo, monga ananenera. Chikalata chofota chija Timothy sanachifune, chili pakhoma kwa a Gaffar pafupi ndi laisensi ya ku Limbe, ndipo makasitomala amayesa ndi mapu. Chitini cha mabisiketi anasiyira a Absalom. Iwo akugwirabe ntchito pa kampani yomweyo, ndipo kumata sanasiye: mwezi wathawu anamata ndondomeko ya maliro a munthu mwambo usanathe. Koma mukacheza nawo mpaka kukhulupirirana, amatsitsa chitinicho pamwamba pa kabati, n'kukutumani kaye kukasamba m'manja. Mumaiona kalatayo manja ali kumbuyo.

Inki yayamba kufwifwa, ndipo mopindamo mwayamba kuthetheka. A Chrissie, amene kale ankabisa mapepala awo m'mapilo, ndi amene tsopano amawakakamiza.

"Bambo a Chiku, imeneyi ndiye imateni. Idzafufutika."

"Ndikudziwa," amatero a Absalom akuibwezera m'chitini. "Koma ndikaimata sindidzalimvanso dzanja lawo."